WODALA VICTOIRE RASOAMANARIVO: MAI AMENE ADASUNGA EKLEZIA ANSEMBE ATACHOKA

Pa 21 Ogasiti chaka ndi chaka Akristu a pa chilumba cha Madagascar amakumbukira mai wina wa mtundu wao, dzina lake Victoire Rasoamanarivo, amene adamwalira tsiku lomwelo m'chaka cha 1894. Mai ameneyu sadali sisitere, ndiponso sadafere chipembedzo monga adachitira anyamata a ku Uganda a nthawi yake yomweyo. Adali mkazi wa pa banja, ndipo banja lakelo lidali la misozi. Koma pamene ansembe onse adapirikitsidwa m'dziko mwake, nkhosa nkutsala zopanda mbusa zaka pafupifupi zitatu, Mulungu adamgwiritsa nchito kuti Eklezia asabalalike. Phunziro lino lalembedwera makamaka akatekisti ndi Akristu a m'matchalitchi a ku midzi, kumene wansembe amafika kamodzi kamodzi, kuti aone chimene Mkristu mmodzi wobatizidwa angathe kuchita ndi chaulere cha Mulungu.

1. Dziko lake ndi nthawi yake

Madagascar ndi chilumba chachikulu cha m'nyanja ya India, kuvuma kwa Mozambique. Pamene nyanja idapanikizika kwambiri pakati pa maiko awiriwa pali mtunda wa makilomita ngati 400. Pakati pa chilumbacho pali dziko la mapiri la anthu otchedwa Merina, ndipo mzinda wao waukulu ndi Antananarivo, kumene kunkakhala mafumu.

Oyamba kulalika Mthenga Wabwino mu mzindamo adali amishoni a Chiprotestanti a London Missionary Society, amene adatsegula sukulu m'chaka cha 1820, natsiriza kumasulira Baibulo lonse m'chiyankhulo cha anthuwo m'chaka cha 1835. Koma chaka chomwecho Mfumukazi Ranavalona I idaletsa anthu ake kutsata Chikristu, ndipo chizunzo chidayamba. M'chaka cha 1837 mai wina dzina lake Rasalama adaphedwa ndi mikondo chifukwa chokana kusiya kupemphera. M'chaka cha 1849 Akristu 14 adaponyedwa ku phompho, ndipo ena anai adatenthedwa amoyo. Onsewa adali Aprotestanti, ndipo mwazi wao uyenera ulemu kwa Mkristu ali yense.

Mwana wa phunziro lino adabadwa m'kati mwa chizunzo chimenechi, m'chaka cha 1848, ku Antananarivo komweko. Adabadwira m'banja lomveka ndi lachuma, pakuti agogo ake, Rainiharo, adali Nduna Yaikulu ya Mfumukazi. Tsono adakulira pafupi ndi nyumba yachifumu, akutsata miyambo ya makolo, osadziwa kanthu za Yesu Kristu.

2. Ubatizo wake

Ranavalona I adamwalira m'chaka cha 1861, ndipo mwana wake Radama II atalowa ufumu adalola amishoni kulowanso m'dziko. Pamenepo ansembe a chipani cha Ajezuiti ndi asisitere a Yosefe Woyera a ku Cluny adayamba nchito yao mu mzindamo. Rasoamanarivo, ali ndi zaka 13, adali mmodzi wa atsikana oyamba kulowa sukulu ya asisitere. Kumeneko adamva za Mulungu mmodzi, za mtanda wa Ambuye ndi za Maria Virgo Woyera, ndipo mau amenewa adamlowa mu mtima. Adabatizidwa pa 1 Novembala 1863, tsiku la chaka cha Oyera Onse, nalandira dzina loti Victoire, ndiye kuti kupambana.

Posachedwa chikhulupiriro chake chidayesedwa. M'chaka cha 1869 Mfumukazi Ranavalona II idabatizidwa mu mpingo wa Chiprotestanti pamodzi ndi Nduna Yaikulu Rainilaiarivony, ndipo kuyambira pamenepo akuluakulu a boma ankayembekezeka kupemphera kumene Mfumukazi inkapemphera. Chikatolika chinkaonedwa ngati chipembedzo cha Afalansa, amene anthu ankawakaikira kuti ali kufuna kulanda dziko. Ambiri a m'mabanja omveka amene adabatizidwa ndi ansembe adabwerera m'mbuyo. Abale a Victoire adamnyengerera, adamdzudzula, adamuopseza, koma iye sadasunthike. Sadanyoze abale akewo, sadaleke kuwachitira ulemu woyenera, komabe m'mawa muli monse ankapita ku Misa anthu onse akuona. Mmera mpoyamba: mai amene adzaimirira pa khomo la tchalitchi m'chaka cha 1883 adaphunzira kulimba m'zaka zimenezi, pakati pa abale ake omwe.

3. Banja la misozi

Pa 13 Meyi 1864, ali ndi zaka ngati 16, Victoire adakwatiwa ndi msuweni wake Radriaka, mwana wa Rainilaiarivony, mkulu wa asilikari. Ukwatiwo adaukonza ndi makolo monga mwa mwambo wa mabanja omveka, koma Victoire adapempha kuti udalitsidwe ndi wansembe, ndipo zidatero.

Radriaka adasanduka mtanda wolemera kwa mkazi wake. Adali chidakwa ndi wachiwerewere, ndipo manyazi ake ankadziwika mu mzinda monse. Mulungu sadawapatse mwana. Zinthu zidafika poti apongozi ake enieni, Nduna Yaikulu, adamlangiza kuti amsiye mwamunayo. Victoire adakana, pakuti adadziwa kuti ukwati wake sungamasulidwe ndi munthu. Adakhala naye zaka 24, akumsamalira nyumba, osamnenera zoipa kwa anthu, ndipo tsiku ndi tsiku ankampempherera kuti atembenuke mtima.

Pano akatekisti achenjere pophunzitsa. Eklezia amaphunzitsa kuti ukwati wa sakramenti sutha mpaka imfa; koma salamula mkazi kapena mwamuna kuti akhalebe m'nyumba m'mene moyo wake kapena wa ana uli pa ngozi. Malamulo a Eklezia, pa nambala 1153, amalola kupatukana pokhala ngati mmodzi ali kuika mnzake kapena ana pa zoopsa zazikulu za thupi kapena za mzimu, ngakhale chimango cha ukwati chikhalabe. Chifukwa chake mbiri ya Victoire isakhale ndodo yokwapulira mai womenyedwa kuti abwerere kukafa, ndiponso isakhale chofunda cha mwamuna woledzera. Chimene Akristu ayenera kutengera kwa iye ndi ichi: sadataye lonjezo lake, sadabwezere choipa, ndipo sadaleke kufunira mwamuna wake chipulumutso.

4. Ansembe apirikitsidwa

M'mwezi wa Meyi 1883 nkhondo idabuka pakati pa France ndi ufumu wa Madagascar. Zombo za Afalansa zitaombera doko la Mahajanga, boma la Mfumukazi lidalamula kuti Afalansa onse achoke. Lamulolo lidakhudza ansembe, abulazala ndi asisitere ochokera kunja, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo adatuluka mu mzinda kulowera ku doko la Toamasina. Asanachoke, adaikiza Akristu m'manja mwa Victoire ndi mwa gulu la anyamata ophunzira lotchedwa Union Catholique. Adatsala nawo ndi Bulazala Raphaël Rafiringa wa chipani cha De La Salle, amene lamulo silidamkhudze chifukwa adali mbadwa ya dzikolo.

Kuyambira tsiku limenelo padalibenso Misa, padalibenso woti amve kulapa, ndipo nyali ya pa tabernakulo idazima. Anthu ambiri adayesa kuti Chikatolika chapita pamodzi ndi azungu amene adabwera nacho. Akristu atabwera kudzapemphera Lamulungu, adapeza matchalitchi otseka, alonda ali pa khomo. Anthu wamba adachita mantha, pakuti ankakumbukira bwino za phompho lija la 1849.

Victoire sadabwerere kunyumba. Adaima pamaso pa alondawo nawauza kuti ngati pafunika mwazi ayambe ndi wake, koma Akristu sadzaleka kusonkhana. Pambuyo pake adapita yekha kwa apongozi ake, Nduna Yaikulu, kukafunsa ngati pali lamulo loletsa Akatolika kupemphera. Kudapezeka kuti lamulo lotero kulibe: boma lidapirikitsa Afalansa, silidaletse chipembedzo. Tsono zitseko zidatsekulidwa, anthu nkulowa.

Pa nkhani imeneyi pali zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga. Choyamba, Victoire adagwiritsa nchito ulemu wa banja lake potchinjiriza anthu osauka amene sakadatha kufika pamaso pa Nduna Yaikulu. Ulemu umene ena amadyera, iye adauika pa ngozi chifukwa cha abale ake mwa Kristu. Chachiwiri, sadautse chipolowe ndipo sadagwirizane ndi adani a dziko lake. Adakhalabe mzika yokhulupirika ya Mfumukazi, naonetsa poyera kuti munthu angathe kukhala Mkatolika weniweni ndi mwana weniweni wa dziko lake nthawi imodzi.

5. Zaka zitatu zopanda wansembe

Kutsekula zitseko idali nchito ya tsiku limodzi. Kusunga Eklezia idali nchito ya masiku onse. Akristu adasankha Bulazala Raphaël kuti akhale mtsogoleri wao. Anyamata a Union Catholique adagawana matchalitchi a mu mzinda ndi a ku midzi yozungulira, ndipo ankakumana kawirikawiri kuti ali yense afotokoze za dera lake. Sadayese kuchita zimene ndi za ansembe okha. Palibe amene adayerekeza kuchita Misa kapena kukhululukira machimo. Koma zonse zimene Mkristu wobatizidwa angathe kuchita adazichita mokhulupirika: kusonkhanitsa anthu Lamulungu, kuwerenga Mthenga Wabwino ndi mapemphero, kuimba nyimbo, kunena Korona, kuphunzitsa Katekisimu, kubatiza, kuyendera odwala, kuika maliro mwa Chikristu, ndi kuyendetsa masukulu.

Victoire sadadzitengere mpando wa utsogoleri, koma onse ankatsamira pa iye. Aphunzitsi akasowa chothandizira, ankatapa m'chuma chake. Akamva kuti kwina akuluakulu a boma atseka tchalitchi, kapena agwira mphunzitsi, kapena ali kukakamiza ana kusiya sukulu ya Chikatolika, ankapita kukadandaula kwa oweruza ndi kwa Nduna Yaikulu. Ankayendera Akristu a ku midzi kukawalimbitsa mtima, ndipo kufika kwa mpongozi wa Nduna Yaikulu pa katchalitchi ka udzu kunkachititsa manyazi ozunza. Pamene padabuka kusamvana pakati pa atsogoleri a Akristu eni ake, monga zimachitikira pali ponse pamene anthu agwirira nchito pamodzi, ndiye amene ankawayanjanitsa. Adadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti mpingo wogawikana sufuna mdani wakunja kuti ugwe.

Mphamvu zonsezi ankazitenga m'pemphero. Ankakhala maora ambiri m'tchalitchi tsiku lili lonse, ngakhale pamene munalibe Ukaristia. Monga Maria Virgo Woyera adakhalira pakati pa ophunzira akupemphera nawo Ambuye atakwera kumwamba, momwemonso mai ameneyu adakhala pakati pa Akristu a ku Antananarivo.

Nkhondo idatha ndi pangano la mu Disembala 1885, ndipo ansembe adabwerera m'chaka cha 1886. Ankaopa kuti akapeza bwinja, koma adapeza matchalitchi otsekula, masukulu akuyenda, ndi Akristu akuwadikira. Victoire adabwezera zonse m'manja mwao, nabwerera pa malo ake a kale pakati pa amai anzake.

6. Umasiye ndi imfa yake

M'mwezi wa Malichi 1888 Radriaka adagwa kuchokera pa khonde la nyumba yosanja, navulala koopsa. Mkazi amene adamsautsa zaka zonse zija ndiye adamsamala. Ali pafupi kufa adapempha ubatizo, ndipo popeza wansembe sadathe kufika msanga, Victoire adambatiza ndi manja ake, namutcha Yosefe. Pemphero la zaka 24 lidayankhidwa pa ora lotsiriza.

Izi zikumbutse akatekisti kuphunzitsa anthu onse, amai ndi ana omwe, za ubatizo wa pa ngozi ya imfa. Wansembe kapena dikoni akasowa, munthu ali yense angathe kubatiza, malinga akhale ndi cholinga chochita chimene Eklezia amachita. Athire madzi enieni pa mutu wa wodwalayo, ndipo pothirapo anene yekha mau a ubatizo, kutchula dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Ngati wodwalayo ndi wamkulu, akhale woti amadziwako zoona zazikulu za chikhulupiriro, adaonetsa kuti afuna ubatizo, ndipo alonjeza kusunga malamulo a Chikristu. Pambuyo pake auze Bambo Mfumu kuti alembe m'buku.

Zaka zisanu ndi chimodzi za umasiye wake Victoire adazipereka kwa osauka. Ankayendera akaidi omangidwa maunyolo, amene ambiri a iwo ankadalira abale ndi anthu achifundo kuti adye. Ankathandiza akhate, amene anthu ankawathawa. M'masiku amenewo ukapolo udali usanathe m'dzikomo, pakuti udathetsedwa m'chaka cha 1896, ndipo m'nyumba za anthu omveka, ngakhale mwa iye momwe, mudali akapolo. Victoire ankakhala nawo ngati abale, akupemphera nawo ndi kuwasamala akadwala.

Adamwalira pa 21 Ogasiti 1894 ali ndi zaka 46, ndipo adaikidwa m'manda a agogo ake Rainiharo. Patangopita miyezi yowerengeka nkhondo yachiwiri idabuka, ansembe nkuchokanso. Victoire padalibe, koma Akristu amene adaphunzira naye adadziwa chochita, ndipo Eklezia adaimanso. Ichi ndicho chizindikiro cha mtumiki wabwino: nchito yake siifa pamodzi naye.

Papa Yohane Paulo II adamlemba m'gulu la Odala ku Antananarivo pa 30 Epulo 1989, pa ulendo womwewo umene adafikira ku Zambia pa 2 Meyi ndi ku Malawi pa 4 Meyi. Bulazala Raphaël, amene adamwalira m'chaka cha 1919, adalembedwa m'gulu la Odala m'chaka cha 2009. Mafupa a Victoire adasamutsidwira m'kanyumba kopemphereramo ku Andohalo, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha mzindawo, ndipo Papa Fransisko adakapemphera pa manda akewo m'mwezi wa Seputembala 2019.

7. Zimene moyo wake uphunzitsa

Choyamba: Eklezia si wa ansembe okha. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha 1965 chonena za utumwi wa Akristu eni ake, udaphunzitsa kuti udindo wofalitsa ufumu wa Kristu umachokera mu Ubatizo ndi mu Kulimbitsa. Victoire adachita zimenezi zaka 80 chikalatacho chisanalembedwe. Tchalitchi cha ku mudzi chimene chimatsekedwa Lamulungu chifukwa Bambo sadabwere, chili kuiwala ubatizo wake.

Chachiwiri: kulimba kwa tsiku la mayeso kumakonzedwa kale. Nkhokwe imene idzadyetse banja m'mwezi wa njala imadzazidwa nthawi ya masika, dengu limodzi limodzi. Victoire adatha kuima pamaso pa alonda chifukwa adali atakhala zaka 20 akudzuka m'mamawa kupita ku Misa, akupirira chitonzo cha abale ndi manyazi a m'nyumba. Mkristu amene sapemphera pa mtendere asadzinyenge kuti adzalimba pa chizunzo.

Chachitatu: kutumikira kusiyana ndi kulamulira. Victoire adali ndi dzina, chuma ndi abale amphamvu, koma adalola kuti ena atsogolere, ndipo ansembe atabwera sadakakamire kanthu. Mtsogoleri wa mphakati kapena wa bungwe la amai amene amakwiya ikafika nthawi yosankha ena, kapena amene amasunga makiyi ndi thumba la tchalitchi ngati zake, ayenera kudziyesa pa kalirole ameneyu.

Chachinai: pemphero ndi chifundo ziyendera pamodzi. Mai yemweyo amene ankagwada maora ambiri m'tchalitchi ndiye ankapezeka ku ndende ndi kwa akhate. M'parishi ili yonse alimo amai otere, osadziwika ndi dziko: amene amasesa m'tchalitchi Loweruka, amaphikira odwala, amasambitsa maliro, amalera ana amasiye, amaphunzitsa tiana chizindikiro cha mtanda. Maina ao salembedwa m'nyuzipepala, koma tsiku loti iwo aleke, mpingo udzazindikira amene ankausenza. Nkoyenera kuwathokoza akali moyo, osadikira mau a pa manda.

Mafunso okambirana pa mphakati ndi pa msonkhano wa akatekisti

1. Nchifukwa ninji kukhala Mkatolika kudali kovuta kwa munthu wa banja lomveka ku Antananarivo kuyambira chaka cha 1869?

2. Ndi nchito ziti zimene Akristu eni ake adachita ansembe atachoka, nanga ndi ziti zimene sadayese kuchita? Chifukwa ninji?

3. Wansembe atalephera kufika pa tchalitchi chino chaka chathunthu, ndani angatsogolere mapemphero, ndani angaphunzitse ana, ndani angayendere odwala? Kodi alipo ena amene ali kuphunzitsidwa kuti adzalowe m'malo mwao?

4. Kodi mphakati ungathandize bwanji mai kapena bambo amene ali kusauka m'banja chifukwa cha mowa kapena nkhanza, posunga ulemu wa sakramenti ndi moyo wa munthu yemwe?

5. Kodi Mkristu ali yense wa pa mphakati uno adziwa kubatiza munthu ali pafupi kufa?

Pemphero lotsekera

Inu Mulungu, mudapatsa Wodala Victoire mtima wolimba pa banja lake, pa Eklezia ndi pakati pa osauka. Chifukwa cha mapemphero ake, limbitsani amai onse otumikira mpingo wanu mobisika, tonthozani mabanja amene ali m'misozi, ndipo patsani akatekisti ndi Akristu eni ake chaulere chosunga nkhosa zanu pamene abusa ali kutali. Kudzera mwa Kristu Ambuye. Amen.